Mmene Tinatsegulira Leja ya Bamadamu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi bodza, ndipo mpaka lero ndikalikumbukira bodzalo ndimaseka ndekha.

Zinali zaka zija boma linkagulitsa makampani ake. Anthu ankachotsedwa ntchito gulu ndi gulu, koma m'makomboni, madera othithikana a anthu wamba, malonda ankaphuka paliponse. Khomo lililonse linali ndi kantemba, kasitolo kakang'ono, aliyense akugulitsa kanthu kwa mnzake. Ine ndinali nditangomaliza kosi ya kompyuta ya miyezi itatu, m'kachipinda kena kapamwamba m'tauni, momwe tinkapanikizana anthu atatu pa makina amodzi. Ndinkadziwa kutayipa kalata, kuisunga pa disiketi, ndi kuzimitsa kompyuta bwinobwino. Nzeru zanga zinathera pomwepo.

Mnzanga wa kukwaya anandiuza kuti ku Kanyama kuli mayi wina amene akufuna munthu wa kompyuta. Mayiwo, amene aliyense ankawatchula kuti bamadamu, anayamba ndi kugulitsa simenti m'kontena imodzi. Pofika nthawiyo anali ndi yadi yathunthu: makina oumbira mabuloko, malata, mafelemu a zitseko, malole awiri ndi amuna antchito oposa khumi. Ankafuna ngongole ku banki kuti agule lole yachitatu, ndiye a banki anawauza kuti abwere ndi mabuku a kampani olembedwa mwadongosolo. Iwo anagula kompyuta, nalipira munthu wina kuti aikemo pulogalamu yaikulu yowerengera chuma cha kampani. Munthuyo anaika, anasiya chibuku chonenepa cha malangizo, nakwera basi ya ku Kopala, dera lakutali la migodi. Sanaonekenso.

Bamadamu anandifunsa mafunso ali chiimire pakati pa yadi, makiyi a lole akulira m'manja.

"Kompyuta uiziba?"

"Niiziba, bamadamu."

"Nanga leja? Uja mwamuna anakamba ati choyamba ni kutsegula leja ikulu. Uiziba leja?"

"Maningi," ndinatero, maso anga ali pa maso awo.

"Uyambe pa Mande."

Ndinatuluka pageti miyendo ikuvina yokha. Ndinafika pa siteji ya minibasi ndisanadzifunse kuti kodi leja n'chiyani kwenikweni.

Ofesi inali kachipinda ka mabuloko osapaka, fumbi la simenti lili paliponse. Kompyuta ankaifunditsa chitenje chatsopano ngati mwana wakhanda. Lolemba m'mawa ndinavundukula, ndinayatsa, sikirini inawala buluu ndi zilembo zoyera. Inandifunsa dzina la kampani. Ndinalemba monyadira. Inandifunsa mwezi umene chaka cha kampani chimayambira. Ndinaganiza kuti chaka n'chaka, ndinalemba Januwale. Kenako inatsegula tsamba lopanda kanthu, pamwamba pali timitu titatu: nambala ya akaunti, dzina la akaunti, mtundu wa akaunti. Kamzere kakang'ono kankangophethira pamenepo, kundidikira. Ndinakayang'ana, nako kanandiyang'ana. Ndinatsegula chibuku cha malangizo, ndinapeza Chingerezi chimene sitinaphunzire kusukulu. Bamadamu akasuzumira pakhomo ndinkagogoda makiyi mwamphamvu, akachoka ndinkafufuta. Tsiku lonse linatha choncho.

Kwathu kunali ku Matero, m'nyumba ya khonsolo ya zipinda ziwiri. Agogo anga aamuna anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, ndipo bambo anga, ngakhale anabadwira kuno, ankalankhula Chichewa chenicheni cha m'Baibulo, chimene anzanga ankati chikumveka ngati wailesi. Anagwira ntchito zaka zambiri pa kampani ina ya boma, ali kalaliki wa mabuku a ndalama. Kampaniyo itagulitsidwa anapatsidwa kalata, nabwera kunyumba ndi bolopeni zawo zitatu m'thumba la malaya. M'mawa uliwonse ankamangabe tayi, n'kukhala pakhonde kuwerenga nyuzipepala ya dzulo imene ankabwereka kwa aneba. Kompyuta sankafuna n'kuimva komwe. Ankati makinawo analowa mu ofesi mwawo mwezi womwewo umene makalata ochotsa anthu ntchito anatuluka.

Ndinawapeza pakhondepo dzuwa likadalipo. Ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo, ndinaulula zonse.

"Wanamiza munthu wamkulu?" anatero.

"Ndanamiza, adadi."

"Wati leja umaidziwa kwambiri?"

"Ndatero."

Ndinkayembekezera ulaliki. M'malo mwake mapewa awo anayamba kugwedezeka, anavula magalasi, naseka mpaka kutsokomola. Mayi anatuluka kudzaona ngati mwina atsamwa. Atapuma anandifunsa kuti kampaniyo imagulitsa chiyani. Ndinawauza. Anafunsa ngati ili ndi magalimoto, ngati imakongoza anthu, ngati yadi ndi yawo kapena ya lendi. Funso lililonse ankasendera kutsogolo pampando. Pomaliza anati, "Nkhomaliro mumadya nthawi yanji kumeneko?"

Mawa lake masana ndinamva mlonda wa pageti akupereka moni mwaulemu wachilendo. Nditasuzumira ndinaona bambo anga akudutsa pakati pa milu ya mabuloko, atavala jekete yawo yakuda, tayi, nsapato zopolisha zimene zinadutsa fumbi lonse la Kanyama osagonja. M'manja munali kapulasitiki ka mabanzi awiri ndi botolo la maheu, kukhwapa kuli fayelo yakale. Analowa mu ofesi, anayang'ana kompyuta monga mmene munthu amayang'anira galu wa eni ake, naima kumbuyo kwanga manja atapinda kumsana.

"Ine chinthuchi sindichikhudza," anatero. "Ine ndilankhula, iwe uzilemba."

Anatulutsa pepala m'fayelo, najambula mabokosi asanu. Anati kampani iliyonse, kaya ya boma kaya ya kantemba, ili ndi nyumba zisanu zokha. Yoyamba ndi ya zinthu zimene kampani ili nazo: ndalama, katundu, malole, ndi anthu amene anatenga katundu osalipira. Yachiwiri ndi ya ngongole zimene kampani iyenera kubweza. Yachitatu ndi ya mwini wake, zimene anaikamo ndi zimene amatapamo. Yachinayi ndi ya zolowa. Yachisanu ndi ya zotuluka. Leja yaikulu, anati, ndi buku limene nyumba zonsezi zimakhalamo, ndipo akaunti ndi chipinda m'nyumbamo. Ndalama ikachoka m'chipinda china iyenera kulowa m'chipinda china, ndipo umalemba mbali zonse ziwiri, debiti kumanzere, kirediti kumanja.

"Basi?" ndinafunsa.

"Basi. Zinazo n'zokometsera."

Ndinamva ngati wina wanditsegulira zenera m'mutu. Ndinayamba kutayipa mothamanga: akaunti yoyamba nambala wani, yachiwiri thu, yachitatu fili. Bambo anandigwira phewa.

"Iwe, ukumanga ngati Kanyama? Nyumba pa nyumba, osasiya ngakhale njira ya wilibala? Manga ngati Matero. Siya mipata. Mawa mayiwa akagula lole ina, uyiika pati?"

Tinayambiranso. Nyumba yoyamba inatenga manambala a chikwi choyamba, yachiwiri a chikwi chachiwiri, mpaka yachisanu, ndipo pakati pa chipinda ndi chipinda tinkadumpha khumi. Nditalemba akaunti yoyamba, ya ndalama za m'bokosi, n'kudina batani losunga, kompyuta inalira kamodzi kuti pii, mzere n'kukhazikika pa sikirini. Ndinakuwa. Bambo anati ndikhale chete, uno ndi ofesi, koma ndinaona kuti aweramira pafupi kuti aone bwino.

Anayamba kubwera tsiku lililonse. Ola la nkhomaliro linkatalika kufika maola awiri, nthawi zina atatu. Mabanzi ankaumira pawindo osadyedwa. Chimene chinkatisangalatsa kwambiri chinali kupereka maina. Pulogalamuyo inkalola zilembo zochepa pa dzina lililonse, ndiye tinkakangana pofupikitsa. Simenti inali ndi chipinda chake, mchenga chake, miyala chake. Malole awiri aja bambo anati lole iliyonse ikhale ndi akaunti yakeyake ya mafuta ndi ya zokonzetsa, kuti tidzaone imene ikudya kampani. Madalaivala ankatcha lole imodzi Nkhalamba, inayo Mtsikana, ndipo ndi maina omwewo amene analowa mu kompyuta. Bambo ankawerenga pa sikirini mokweza, "Matayala a Nkhalamba," n'kuseka ngati mwana.

Anandifunsanso za Januwale uja. Nditawauza kuti ndinangoganiza, anagwira mutu, nandituma kukafunsa bamadamu mwezi umene anatsegula akaunti ya kampani ku banki ndi mwezi umene a banki akufuna kuti mabuku ayambire. Mwamwayi kompyuta inalola kusintha chifukwa tinali tisanalowetse ndalama iliyonse. Tsiku limenelo bambo anavomereza koyamba kuti chinthucho chili ndi kaulemu pang'ono. Anati m'buku la pepala ukalakwitsa tsamba loyamba, umakhala nalo manyazi chaka chonse.

Zipinda zitatha kumangidwa, panafunika kulowetsamo katundu. Bambo anati tiyenera kudziwa zimene kampani ili nazo pa tsiku loyamba: ndalama za ku banki, matumba a simenti, mtengo umene malole anagulidwira, amene ali ndi ngongole kwa ife ndi amene ife tili nawo ngongole. Zonsezi zinali m'malo awiri, m'mutu mwa bamadamu ndi m'chitini chachikulu cha mabisiketi momwe ankaponyamo malisiti. Ndinawapempha chitinicho. Anati mawa. Mawa lake anati chili kunyumba. Tsiku lachitatu anati makiyi a kabati asowa. Ndinaonanso kuti bambo akangolowa pageti, bamadamu ankakwera lole n'kupita kukaona makasitomala, ndipo amuna a m'yadi ankasiya nthabwala zawo n'kuyamba kugwira ntchito mwakachetechete ngati ali pamaliro.

Lachisanu bamadamu sanathawe. Analowa mu ofesi atavala chitenje cha kutchalitchi, atanyamula thireyi ya chakumwa chozizira ndi nkhuku yokazinga. Anaika patebulo, anatseka chitseko, nagwada pang'ono pamaso pa bambo anga.

"Bwana, mwachoma bwanji. Nifuna tikambe bwino bwino, monga banthu. Ine ndine mukazi wamasiye. Vinthu vonse ivi nayamba na kontena imodzi chabe. Ngati pali vamene sininalipire, ni kusaziba, osati kuba."

Bambo anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana.

"Pepani mayi, sindikumva," anatero bambo.

"Si ndimwe ba misonkho? Banyamata bonse mu yadi baziba. Tayi, fayelo, tsiku na tsiku muli pa kompyuta yanga."

Ndinayesa kudzigwira. Ndinaluma mlomo, ndinayang'ana kudenga, koma phwete linatuluka m'mphuno. Bambo anaimirira, anakonza jekete, nanena mwaulemu wonse kuti, "Mayi, ine ndine bambo wake wa mwanayu. Ndimabweretsa nkhomaliro."

Bamadamu anatembenuka. Anayang'ana mabanzi ouma a masiku atatu ali pawindo, anayang'ana pepala la mabokosi asanu, anandiyang'ana ine.

"Iwe. Leja uiziba maningi?"

"Manje niiziba pang'ono, bamadamu," ndinatero.

Bamadamu anakhala pa thumba la simenti limene tinkatsekera chitseko, nayamba kuseka. Anaseka mpaka duku linagwa. Ankati akaleka, n'kukumbukira kuti masiku anayi akhala akubisa chitini cha malisiti pansi pa bedi kuopa bambo wonyamula mabanzi, n'kuyambiranso. Anatsegula chitseko n'kukuwira a m'yadi kuti, "Imwe! Ni batate bake chabe!" Panja panamveka chiphokoso, wina anaimba mluzu, makina a mabuloko anayambanso kulira ngati nawonso anali atagwira mpweya.

Atapukuta misozi anandiloza ndi chala. Anati bodza sakonda, ndipo ndikadzabwerezanso ndidzaona geti. Bambo anavomereza kuti mwanayo analakwa, napepesa m'malo mwanga. Kenako bamadamu anati, popeza akhala akulipira mutu umodzi pomwe ikugwira ntchito ndi mitu iwiri, mudala azibwera poyera, m'mawa, mpaka leja itatha, ndipo adzalandira yake. Bambo anati aganizira. Anaganizira nthawi yokwana kumeza chakumwa kamodzi. Nkhuku ija tinadya atatu.

Chitini chinabwera Lolemba. Munali malisiti a simenti, makalata a sukulu, khadi la kuchipatala, chithunzi cha ukwati wa munthu wina, ndi mapepala a ndudu olembedwa manambala kumbuyo. Tinayala zonse patebulo ndi pansi. Bamadamu anakhala pampando pakati, ife tikufunsa.

"Iyi ndalama inapita kuti?" bambo ankafunsa.

"Ku malilo ya mulamu wanga ku Chawama."

"Ndiye ndi zanu, mayi, si za kampani. Zilowa m'chipinda cha mwini wake."

"Awe! Lole ya kampani ndiye inanyamula banthu kuyenda kumanda. Pa chitseko pali zina ya kampani. Banthu bonse baku Chawama banaona. Ni kusatsa malonda uko!"

Anakangana theka la ola, onse akusangalala. Mapeto ake bambo anandiuza kuti nditsegule akaunti yatsopano pa mpata umodzi mwa mipata ija, dzina lake Maliro ndi Lole, momwe muzilowa mafuta okha, koma bokosi la maliro ndi chakudya zipite kwa mwini wake. Bamadamu anati mudala uyu akanakhala wa misonkho zoona, bwenzi atagulitsa yadi.

Za anthu a ngongole sizinali papepala lililonse. Bamadamu ankatseka maso n'kumatchula: uja wa nyumba ya buluu ku George, matumba akuti, aphunzitsi a ku Mtendere, malata akuti, analipira theka, m'busa wa tchalitchi cha matenti, mabuloko, sanalipire kalikonse koma amatipempherera. Ine ndinkalemba. Tsiku lina lonse tinalithera m'yadi kuwerenga katundu, bambo ali patsogolo ndi fayelo, atavala chipewa cha pepala la simenti chimene dalaivala wa Nkhalamba anawapangira kuti dzuwa lisawaotche. Mabuloko tinawerenga kawiri chifukwa ulendo woyamba dalaivalayo ankatisokoneza ndi nyimbo.

Kenako inafika ntchito yolowetsa manambala onsewo mu kompyuta. Apa ndi pamene ndinachedwa. Zilembo ndinkatayipa mofulumira, koma manambala ndinkawasaka ndi chala chimodzi pamzere wapamwamba, ndipo ndalama za masiku amenewo zinali ndi maziro ambirimbiri, moti thumba limodzi la simenti linkaoneka ngati mtengo wa nyumba. Bambo ankawerenga, ine n'kumatayipa, iwo n'kumapuma mokweza kumbuyo kwanga. Mwadzidzidzi anati, "Kodi timabatani ta kumanjaku n'tachiyani?"

"Ndi manambalanso, adadi."

Anaweramira pafupi. Anayang'ana nthawi yaitali. "Seveni, eyiti, naini pamwamba," anatero motsitsa mawu. "Ngati makina anga owonkhetsera aja."

"Yesani."

"Ndinati sindichikhudza."

"Palibe amene akuona."

Anapukuta dzanja pa buluku. Anaika zala zitatu pamabatani apakati, osadina, kungozigoneka. Ndinanyamuka pampando mwakachetechete, iwo anakhala osazindikira kuti akhala. Dzanja lamanzere linagwira mulu wa mapepala, maso ali papepala, ndipo dzanja lamanja linayamba. Sindinaonepo chinthu chotero. Zala zinkathamanga zokha, osayang'ana n'komwe, phokoso lake ngati mvula pa malata. Ine ndinkangowauza batani lopitira pa mzere wina, iwo n'kumathira manambala. Mulu umene ndinkati utitengera masiku awiri unatha tisanamve njala. Bamadamu anabwera kudzaima pakhomo, kumbuyo kwawo madalaivala onse awiri ndi mlonda, kuonerera mudala wa tayi akuimba kompyuta ngati limba la kutchalitchi. Atamaliza anakweza manja m'mwamba, nkhope ikuwala thukuta, nati, "Aa! Kani n'chofewa chonchi? Sichilimba ngati aja, aja ankafuna mphamvu!" A pakhomo anaomba m'manja. Bambo anga, munthu amene sankaseka pamaso pa alendo, anaimirira n'kuwerama ngati woimba pa siteji.

Chotsala chinali chimodzi, pepala limene bambo ankalitcha trayo balansi. Limaonetsa maakaunti onse, debiti mbali iyi, kirediti mbali iyo, ndipo pansi mawonkhetso awiriwo ayenera kufanana ndendende. Akafanana, leja yaima. Akasiyana, penapake pali cholakwa. Tinasankha Loweruka m'mawa. Bamadamu anabwera atavala ngati akupita ku ukwati. Ndinalowetsa pepala la mabowo m'mbali mu pulinta, ndinadina, pulinta inayamba kukuwa mzere ndi mzere. Tonse tinaweramira pamenepo. Simenti inatuluka, Nkhalamba inatuluka, Maliro ndi Lole anatuluka. Pansi penipeni, pamene pamayenera kukhala mawonkhetso, panatuluka nyenyezi zokhazokha, mzere wa tinyenyezi mbali zonse ziwiri.

"Ni chani ivi?" anafunsa bamadamu.

"Mwina yatichongera," anatero bambo. "Aphunzitsi athu ankaika nyenyezi ukakhoza."

Ndinatsegula chibuku cha malangizo, ndipo kwa nthawi yoyamba chinandiyankha. Nyenyezi zimatanthauza kuti nambala yatalika kuposa malo ake. Amene anapanga pulogalamuyo sankadziwa maziro a kwacha yathu. Nditafotokoza, bamadamu anavina pang'ono pomwepo, ati ndalama zawo zakanika kukwana mu kompyuta ya azungu. Bambo anawakumbutsa kuti theka la nambalayo ndi ngongole, koma iwo anati zilibe kanthu, nazonso n'zazikulu. Ndinapeza posinthira kuti zilembo zituluke zing'onozing'ono, ndinadinanso.

Ulendo uno manambala anatuluka. Sanafanane.

 Kusiyana kwake kunali kochepa poyerekeza ndi mawonkhetsowo, koma bambo anali atandiuza kale kuti ngakhale ngwee imodzi ndi kusiyana. Ndinayamba kuganiza za mapepala onse aja, kuwabwereza limodzi limodzi. Koma bambo anali akumwetulira. Anatulutsa bolopeni yofiira, analemba kusiyanako pakona, nagawa ndi naini. Inagawika popanda chotsala.

"Wina watembenuza manambala," anatero. "Pofuna kulemba faifi ndi foro, walemba foro ndi faifi. Kusiyana kukagawika ndi naini, kawirikawiri ndi zimenezo. Tiyeni tione amene mwana uyu analowetsa poyamba paja."

Tinayang'ana anga onse. Anali bwino. Ndinawayang'ana bambo, iwo anayang'ana kumbali. Tinayamba a iwo, ine ndikuwerenga pa lisiti, iwo akutsata ndi rula papepala. Pa mzere wa mafelemu a zitseko rula inaima. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

"Ndine," anatero.

"Adadi?"

"Ndine ndatembenuza. Zaka zonse zija mabuku anga sanabwezedwepo ndi munthu, lero ndagwidwa ndi wailesi ya kanema yopanda zithunzi!"

Anaseka kuposa tonse. Anakhala pampando okha, osapemphedwa, nandifunsa mmene amakonzera. Ndinawasonyeza. Anati tisafufute, tilembe mzere wina wokonza, kuti aliyense wobwera m'tsogolo adzaone kuti panali cholakwa ndipo chinakonzedwa. Analemba okha, ndi chala chimodzi pa zilembo, lilime lili panja pang'ono. Kenako anadina okha batani la pulinta.

Tonse tinaweramiranso pamene pulinta inkatsika. Itafika pansi, bambo anang'amba pepala, anaika rula pansi pa mawonkhetso awiriwo, nawerenga mokweza nambala ya kumanzere yonse, mpaka ziro womaliza, kenako ya kumanja. Zinali chimodzimodzi.

Bamadamu analiza nthungululu imene inamveka mpaka kumsewu. Anandinyamula m'mwamba, ine munthu wamkulu, n'kundizungulitsa. Anathamangira panja ndi pepalalo kukaonetsa amuna a m'yadi, amene sankadziwa kuti likunena chiyani koma anasiya mafosholo n'kuyamba kuvina nawo. Dalaivala wa Mtsikana analiza hutala. Azimayi ogulitsa vitumbuwa pageti analowa kudzafunsa ngati kwabadwa mwana, ndipo bamadamu anagula beseni lonse n'kugawira aliyense. Bambo anaima pakhomo la ofesi, anajambula mizere iwiri yofiira pansi pa mawonkhetso a pa kope ina imene tinatulutsa yosunga mu ofesi, monga ankachitira m'mabuku awo, kenako ndinaona phazi lawo lakumanja likugunda pansi motsatira nyimbo ya dalaivala.

Pobwerera tinakwera minibasi ya ku tauni, n'kusintha ya ku Matero. Bambo anapempha kope imodzi kuti akaonetse mayi, ndipo anakana kuipinda. Pepala la pulinta ija linali lalitali, lolumikizana, ndiye linayala pamiyendo pawo, pa yanga, mpaka pa ya mayi wina wonyamula thumba la tinsomba ta kapenta amene anakhala nafe. Mayiyo anafunsa kuti n'chiyani. Linali funso lolakwika kufunsa tsiku limenelo. Bambo anamufotokozera nyumba zisanu, debiti ndi kirediti, ndi chifukwa chake munthu ayenera kusiya mipata. Mayiyo anati iye amagulitsa kapenta pa msika ndipo ndalama zake zimangosowa osadziwa kumene zapita. Bambo anamufunsa ngati ndalama ya chakudya cha kunyumba amatapa m'thumba lomwelo la malonda. Anavomera. Anthu a kumbuyo anayamba kuponyamo mawu, wina kuvomereza, wina kutsutsa, kondakitala naye anafuna kudziwa ngati ndalama imene amapatsa oitanira anthu pa siteji ndi yotuluka kapena ngongole. Tinapitirira siteji yathu osazindikira.

Tinatsika patsogolo, tinabwerera wapansi, pepala titaligwira awiri ngati nsalu yoyanika kuti lisakhudze fumbi. Panjira bambo anandifunsa kuti mabatani a pamwamba aja, olembedwa F, amagwira ntchito yanji. Ndinati ena ndikuwadziwa, ena ayi. Anati Lolemba tifike msanga, bamadamu asanabwere, tiwayese onse limodzi limodzi.